Kansomba ka Mutu Wakuda ndi Miyendo ya Orvin

Lachitatu limenelo Merlene anali ndi ntchito zake za masiku onse, ndipo panalibe imene ikanadikira inzake. Matewera a mwana wake Sherlyn anali m'ndowa kuyambira dzulo lake. Kokonati zisanu zinafunika kupala, buledi aumbidwe, apse, akafike kugolosale anthu asanamwe khofi wawo wachiwiri. Thanki ya madzi a mvula inali itatsika kufika m'chiuno, ndiye madzi otsukira matewera anali omwewo okolopera. Thabwa limodzi la pamlatho wolowera kunyumba linali litazuka msomali. Pamwamba pa zonsezi panali ntchito ina imene iye sanaifunsire, yosamala bokosi lagalasi la mwamuna wake, Orvin.

Bokosilo linali pabalaza, lalikulu ngati bedi la mwana, lodzaza madzi a m'nyanja. Orvin analitola ku hotela ina itatsekedwa. Munali nsomba khumi ndi ziwiri zosadyeka, zina zachikasu, zina zamizeremizere, ina yamilomo ngati ikufuna kudandaula. Magetsi akathima, ndipo kuno ku Mangrove Bight amathima osatsanzika, kapampu kake kankaleka kuwira. Pamenepo Merlene ankasiya chilichonse, n'kumatunga madziwo ndi jagi, n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti nsombazo zipume.

"Nyumba ili pamwamba pa nyanja, nsomba zikudutsa pansi pa bedi," ankatero Merlene, "koma inu mpaka kuzilowetsa pabalaza. Mawa muzigulire mipando."

"Za pansi pa bedizo ndi ndiwo, mayi a Sherlyn. Izi ndi maluwa."

"Maluwa akudya."

Orvin Tatum anali munthu wosakhazikika, wa mtundu uja umamwa khofi chiimirire, mwendo umodzi uli kale panja. Ntchito yake inali yotsogolera alendo pansi pa nyanja, mabotolo a mpweya ali kumsana. Anzake ankamutcha Aphunzitsi, chifukwa lamulo limodzi ankalibwereza ngati nyimbo ya kutchalitchi: potuluka usathamange, ima panjira, thupi litulutse mpweya umene lamwa pansipo. Ukathamanga magazi amachita thovu, ndipo thovulo likakakhala pamsana, miyendo yapita. Kuno timangoti nyanja yamugwira. Pachilumba pano alipo amuna angapo amene ankatsikira nkhanu zikuluzikulu zija zogulitsa kunja, lero amayenda ndi ndodo. Orvin ankawanena poyera, ngakhale iwo ali pomwepo.

"Nyanja sigwira munthu wodziwa kuwerenga wotchi," ankatero. "Umbuli ndiye umagwira."

Tsono panali kansomba kena kamene kanamulowa m'mutu. Kofiirira, ka mutu wakuda, kosaposa chala chamkombaphala. Kamakhala kukhoma, kumene matanthwe amathera n'kugwera kuphompho, mamita oposa makumi anayi pansi, ndipo kamasambira chagada m'denga la timapanga. Anali atakaona kawiri ali ndi alendo, wopanda mpata wokagwira. Kuyambira pamenepo nsomba khumi ndi ziwiri zija zinasanduka zachabe m'maso mwake. Ankadya akukanena, ankadzuka akukanena.

Tsikulo anatsika kawiri ndi alendo m'mawa. Masana, m'malo mopuma, ananyamula botolo la kuntchito osapempha, n'kupita kukakopa Denzil, mchimwene wake wa Merlene. Denzil ndi msodzi wa mbedza, wamimba yake, ndipo sanatsikepo pansi pa nyanja. Amati nsomba yomufuna izibwera yokha.

"Alamu, si mwatsika kale kawiri lero?" anafunsa Denzil akuliza injini.

"Mwayamba liti kuwerenga, alamu?"

"Ndimawerenga mitambo. Iyo ya kumpotoyo sindikuikonda. Pofika madzulo mphepo ikhala itatipeza."

"Mphindi khumi basi. Simumaliza n'komwe fodya wanuyo."

Atafika kukhoma anaponya chingwe chokhala ndi mwala kunsonga, Orvin n'kutsika nacho, kaukonde m'manja, kabotolo ka pulasitiki kobowolabowola m'chiuno. Kansombako anakapeza. Koma kanali ndi nzeru zake. Kanalowa mumng'alu, kanatulukira kwina, kanabwereranso. Mphindi khumi zinakhala makumi awiri. Pamene kanagwera mu ukonde, muvi wosonyeza mpweya unali utalowa kale pofiira. Mpweya wotsalawo anauthera pomangirira kabotolo kuchingwe, mfundo ziwiri kuti kasataike. Pokoka mpweya wina anapeza botolo lauma. Anakwera osaima paliponse.

Anatulukira pambali pa boti akutsokomola ndi kuseka nthawi imodzi. Kawotchi ka pamkono, kochenjeza munthu akakwera mothamanga, kankalira osalekeza. Anakavula, n'kukaponya m'ndowa, n'kukavundikira ndi malaya.

"Kakulira chiyani?" anafunsa Denzil.

"Batire."

"Nanga nsombayo ili kuti?"

"Ili kuchingwe. Musakoke! Kali ndi kathumba ka mpweya m'mimba. Mukakakweza mwaphuma kafufuma, maso atong'oka, matumbo atulukira kukamwa. Tizikoka mkono umodzi, n'kudikira, mkono wina, n'kudikira."

Denzil anachisiya chingwecho.

"Ndiye kansomba kazikwera ngati mkwatibwi, inu mwatuluka ngati chitsekerero cha botolo?"

"Ine ndi ntchito yanga iyi, alamu. Gwirani chingwe."

Anayamba kukoka. Mkono umodzi, kudikira. Mkono wina, kudikira. Pasanathe theka la ola Orvin anamva ngati wina wamumanga lamba wothina m'chiuno. Kenako zala za kuphazi lamanzere zinayamba kuchita nyerere. Anadziwa. Palibe munthu pachilumba chonse amene akanadziwa msanga kuposa iye. Anadziwanso kuti kuntchito kwake, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu pa boti, kuli botolo lobiriwira la okosijeni losungidwira zomwezi, ndi wailesi yoitanira boti lothamanga lopita ku Roatán, kumene kuli chipinda chachitsulo chochizira anthu ogwidwa ndi nyanja. Nyanja inali idakali bata ngati tebulo.

Koma kuti afike pa botolo lobiriwiralo anayenera kudutsa padoko. Anaona m'maganizo nkhope za anzake. Anaona abwana ake akufunsa za botolo lotengedwa mobisa. Anaona amuna a ndodo aja ali pabenchi pawo, akutembenuka mmodzimmodzi kuti aone Aphunzitsi akunyamulidwa. Mtima unamuuza kuti mwina ndi mnofu chabe wakokana. Anaugwira bodzalo ndi manja awiri.

Kukhala sanathe, kuimirira sanathe. Ankasuntha uku, n'kusunthira uko, akutsina ntchafu yake mobisa.

"Mwatani, mwakhalira mbedza?" anatero Denzil.

"Thabwa lanuli ndi lolimba ngati mtima wa mlongo wanu."

"Alamu, tiyeni tidule chingwechi tizipita. Nkhope yanu yachita phulusa."

"Maola awiri ndavutikira kansombaka. Kokani."

Kansombako kanafika pamwamba cha m'ma 4 koloko, kamoyo, kokongola, kakuzungulira m'kabotolo ngati palibe chachitika. Nthawi imeneyo mphepo inali itayamba kupesa madzi, mitambo ija itakwera theka la thambo.

Merlene anali akuanula matewera pamene anawaona akubwera pamlatho. Mwamuna wake, amene masiku onse ankalumpha masitepe awiriawiri, anakwera atagwira chitsulo cha m'mbali, phazi lamanzere likukwekwereza. Analowa, anathira kansombako m'bokosi, n'kudzigwetsa pampando.

"Taonani, mayi a Sherlyn. Pachilumba chonse palibe wina ali nako."

"Mwendowo watani?"

"Ndanyamula mabotolo ambiri lero, msana wakokana. Nditenthetsereni madzi ndithowe."

Merlene anayang'ana mchimwene wake, amene anaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Achimwene?"

"Ine ndinali pamwamba," anatero Denzil. "Za pansi afunseni eni ake."

Merlene anatenthetsa madziwo. Anabweretsa beseni likufuka nthunzi, analiika pansi, n'kunena kuti adikire akatenge ozizira osakaniza. Mwana analira kuchipinda, ndiye anayamba wakamunyamula. Pobwera, jagi kudzanja limodzi, Sherlyn m'chiuno, anapeza Orvin waviika mapazi onse awiri m'besenimo, maso ali pagalasi, akumufotokozera Denzil mmene kansombako kamagonera chagada. Madzi amenewo anali oti n'kusosolera nkhuku.

Merlene anakhazika mwana pansi. Anagwada, anatulutsa mapaziwo limodzilimodzi. Anali ofiira ngati nkhanu yophika, khungu litayamba kutukusira.

"Simunamve?"

Orvin anayang'ana pansi.

"Mwadziwa nthawi yanji?"

"Mwina zisiya zokha. Ena zimawasiya."

"Ndafunsa nthawi, bambo a Sherlyn."

"Cha m'ma 2 koloko."

"Ndipo pano ikukwana 6."

"Merlene, tamverani. Mukapita kuntchito kuja chilumba chonse chidziwa. Tidikire mpaka m'mawa, tione."

"Chidziwe. Achimwene, mugonekeni pansi, musamulole kudzuka. Akavuta mukhalireni."

Ananyamula mwana n'kuthamanga. Pamlatho thabwa lozuka lija linamung'amba chidendene, koma anazindikira mawa lake. Pasanathe mphindi makumi awiri botolo lobiriwira linali m'nyumba, abwana ake a Orvin atagwada pambali pake akumuveka chopumira kumaso, anzake awiri atadzaza pakhomo. Za botolo lotengedwa mobisa palibe anafunsa. Palibenso anaseka. Mmodzi wa amuna a ndodo aja anafika pomalizira, akupuma movutikira, n'kuuza anyamatawo kuti azule chitseko cha kuchipinda amunyamulirepo, msana usapindike.

"Ine anandinyamula ngati thumba la mpunga," anatero. "Musabwereze."

Orvin anatembenuzira nkhope kukhoma.

Koma mphepo ya kumpoto inali itafika. Mwini boti lothamanga anakana, anati sangaphe anthu asanu pofuna kupulumutsa mmodzi. Denzil anayesa ndi lake. Pampata wotulukira m'matanthwe mafunde anawaimika chilili kawiri, funde lachitatu linadzaza boti mpaka m'mawondo, ndipo anabwerera injini ikutsokomola. Okosijeni anatha. Anayembekeza. Merlene ankangoyenda kuchokera pawindo kupita pamene panagona mwamuna wake, kumutsina chala, kufunsa, kubwerera pawindo. Dzanzi lija linakwera kuchoka m'mawondo kufika m'chiuno, mkodzo n'kutsekeka.

Ananyamuka kutacha, mphepo itagonako pang'ono, ndipo anafika ku Roatán dzuwa lili pamutu. Dokotala anafunsa funso lomwe lija la nthawi. Atamva yankho anangovula magalasi n'kuwapukuta.

"Mukanabwera dzulo masana, bwenzi mwina mukutuluka muno ndi miyendo yanu. Tiyesetsa."

Anayesetsadi. Koma zimene kansomba kaja kanadya ndi izi. Orvin analowa m'chipinda chachitsulo kasanu ndi kawiri, maola ambirimbiri ulendo uliwonse. Mwendo wamanja unabwerera. Wamanzere unabwerera theka, amaukoka, ndipo phazi lake silimva kutentha kapena kuzizira mpaka lero. Zilonda za madzi otentha zinatenga miyezi iwiri kuti zipole. Pansi pa nyanja analetsedwa moyo wake wonse, ndiye pano amakhala m'kashedi kuntchito komwe kuja, kudzaza mabotolo oti ena atsike nawo. Injini ya Denzil inamwa madzi amchere, ndipo anakhala nyengo yonse ya nsomba akupalasa ndi nkhafi. Merlene anakhala masabata atatu ku Roatán akugona pabenchi, malo ake a buledi kugolosale anatengedwa ndi wina, ndipo Sherlyn, amene anatsala ndi azakhali ake, analeka kuyamwa nthawi isanakwane chifukwa pobwera mayi ake mkaka unali utauma. Magetsi anathima tsiku lachinayi nyumba ili yotseka. Nsomba zonse khumi ndi zitatu anazipeza zikuyandama.

Kuthamanga kuja potuluka m'madzi kukanachizika. Ngakhale wodziwa amaphonya, ndipo mankhwala ake anali mphindi khumi ndi zisanu kuchokera pamene panali boti. Chimene sichinachizike ndi maola anayi amene munthu wamkulu anakhala chete, akuopa maso a anthu amene pomaliza anabwera kudzamunyamula. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.