Mano a Kabaza pa Njinga ya ku Joni

Panali munthu wina amene ntchito yake inali yotemera nkhuku. Chaka chilichonse, nyengo yotentha isanafike, ankakwera phiri kupita kumidzi isanu ndi iwiri ya kuseri kwake, atanyamula katemera wa chitopa m'kabokosi kozizira. Akafika, amayi ankabwera ndi nkhuku m'madengu ndi m'khwapa, iye n'kumadontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse. Katemera ameneyu sagwirizana ndi dzuwa. Akatenthedwa panjira amasanduka madzi chabe, choncho ulendowo unkafuna liwiro.

Liwirolo ankalipeza pa njinga yamoto imene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Inali njinga yachilendo, yamphamvu, ndipo m'dera lonselo munalibe inzake. Munthuyu ankainyadira mopitirira muyezo. Dzina la njingayo linali lalitali ndi lovuta pa lilime, koma iye ankalitchula lonse, ndi manambala ake omwe, ngakhale kwa munthu amene wangomufunsa kuti mwadzuka bwanji. Akadutsana ndi anyamata a kabaza, ankawakwezera chala chimodzi chokha.

Patapita zaka zingapo, tcheni chinayamba kulumpha. Akafika pa chitunda, injini inkalira bwinobwino, koma gudumu la m'mbuyo linkachita ngati silikumva. Anagwada n'kuyang'ana. Mano a masipuloketi onse awiri, zitsulo zozungulira zimene tcheni chimakolapo, kakang'ono ka kutsogolo ndi yaikulu ya m'mbuyo, anali ataperepeseka, osongoka ngati minga. Tcheni chinalibenso pogwira.

Anawamasula, n'kuwamangirira pa waya, n'kukwera basi kupita kutauni. Pa shopu yoyamba ya zipangizo anatchula dzina la njinga yake lonse lathunthu. Wogulitsa anati tilibe. Pa yachiwiri anamuuza kuti abwereze dzinalo, osati kuti afufuze, koma kuti anzake a mkati amve nawo. Pa yachitatu anamupatsa sipuloketi ya njinga za kabaza, yatsopano, ya mano athunthu. Anaisanjika pa yake. Kukula kunali kufupi kufanana, koma ya kabazayo inali ndi mabowo anayi a mabauti, pamene yake inali ndi asanu ndi limodzi. Anaibweza ndi nkhope yonyansidwa. Anazungulira msika wonse mpaka mapazi kutupa, ndipo anabwerera kwawo ndi waya wake m'manja.

Anaimbira foni mkulu wake ku Joni. Mkuluyo anati njinga za mtundu umenewo zinasowa ngakhale kumeneko, koma ayesa kufunsa. Munthu uja anaika njinga m'khonde, n'kuifunditsa chitenje, n'kuyamba kudikira. Sabata inatha, inanso inatha. Mitengo inayoyola masamba, mphepo yotentha inayamba kuulutsa fumbi, ndipo aliyense woweta nkhuku amadziwa chimene chimabwera ndi mphepo imeneyo.

Tsiku lina anayesa kupita wapansi. Analawira m'mamawa, koma dzuwa linamupeza asanafike pakati pa phiri. Atatsekula kabokosi, anapeza madzi oundana a m'katimo atasungunuka kale, mabotolo ali ofunda. Anakhala pamwala n'kugwira tsaya. Anabwerera osafika.

Patangopita masiku awiri, mayi wina wa kuseri kwa phiri anatsika wapansi mpaka pakhomo pake. Anakhala pansi, anapuma, ndipo anati, "Bambo, kumudzi woyamba uja nkhuku zayamba kuodzera. Ife a kumtunda tikungoyang'ana kumsewu. Kodi chaka chino mwatitaya?"

Iye anayamba kulongosola za Joni, za mabowo asanu ndi limodzi, za dzina la njinga. Mayiyo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anati, "Zimenezo ine sindizidziwa, bambo. Ine ndikudziwa nkhuku zanga. Ndizo sopo wa pakhomo panga, ndizo makope a ana."

Mawu amenewo anamulasa mtima. Anachita manyazi kwambiri, ndipo zinali zoyenera.

Tsopano pa msika wa kwawo komweko panali mkulu wina wowotcherera zitsulo, dzina lake a Kamphinda. Ankapanga mafelemu a zitseko, mbaula ndi ngolo za ng'ombe. Mwini njinga anali asanaganizepo zopita kwa iwo, poti m'maganizo mwake munthu wopanga mbaula sakanadziwa kanthu za njinga ya ku Joni. Koma tsikulo analibenso kwina kolowera. Anapita, n'kuika waya wake pa tebulo lachitsulo, n'kuyamba kutchula dzina lija.

A Kamphinda sanadikire kuti alimalize. Ananyamula sipuloketi yaikuluyo, anayendetsa chala pa mano, kenako anapukuta pakati pake ndi kansanza n'kuyang'ana mabowo limodzilimodzi.

"Chatha n'chiyani pamenepa, achimwene?"

"Sipuloketi, madala. Yonseyo."

"Ayi. Atha ndi mano. Pakatipa pali bwinobwino, mabowo ake sanatakasuke ngakhale pang'ono. Chimene mukusaka m'dziko lonseli ndi pakatipa, ndipo muli napo kale. Mano ali mbwee pa shopu iliyonse. Kagulenitu za kabaza, zonse ziwiri, ndi tcheni chake chomwe. Ndidula pakati pa yanuyi, ndiboola pakati pa yatsopanoyo, ndilumikiza."

Zimene munthu uja ankamva zinali zoti adule chitsulo chokhacho cha mtundu wake m'dera lonselo. A Kamphinda akanaphonya, iye sakanatsala ndi kanthu, ngakhale chitsanzo choti aonetse wogulitsa. Ndipo panalinso china chimene sanachinene pakamwa: njinga yake yonyaditsa ija kuyendera mano a kabaza! A Kamphinda sanamukakamize. Anabwerera ku mbaula yawo n'kumakhoma.

Mwini njinga anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anapita pa shopu yapafupi, anagula masipuloketi a kabaza ndi tcheni, osatchula dzina la njinga ina iliyonse. Anabwerera, anamasula waya uja ndi manja ake, n'kupereka zonse kwa a Kamphinda. Anati, "Dulani, madala."

Kudula sikunachedwe. Chimene chinatenga nthawi ndi kulinganiza. A Kamphinda anaika pakati pakale mkati mwa mano atsopano, anadontheza moto malo anayi okha, n'kumanga pa gudumu. Analizungulitsa atagwirizitsa choko pambali pa mano. Choko chinakhudza mbali imodzi, ina ayi. Anamasula, anagogoda pang'ono, anamanganso, anazungulitsanso. Anachita zimenezi kasanu, mwini njinga akungoponda apa ndi apo. Choko chitalemba mzere wozungulira wosadukiza, m'pamene anawotcherera zenizeni, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha. Ndi kakang'ono ka kutsogolo anachita chimodzimodzi.

Chimene chinatuluka sichinali chokongola. Chinali ndi chipsera chakuda chozungulira, ndipo aliyense woyang'ana akanadziwa kuti ndi zitsulo ziwiri zosabadwira pamodzi. Koma mabauti onse asanu ndi limodzi analowa m'malo mwake, ndipo tcheni chinakhala pa mano osagwedera.

M'mawa mwake mwini njinga anakwera phiri. Pa chitunda choyamba anagwira mtima, akudikira kumva tcheni chikulumpha. Sichinalumphe. Pa chachiwiri anayamba kuimba.

Kumudzi woyamba anapeza makola ali chete. Wachiwirinso chimodzimodzi, nthenga zokhazokha kudzala. Anthu anamulonjera, sanamunene, ndipo kusamunenako kunamuwawa koposa. Anadziwa kuti midzi iwiri imeneyo inadyedwa ndi masabata amene njinga inakhala m'khonde. Sanataye nthawi. Anapitirira kumtunda, ndipo asanafike n'komwe kumudzi wachitatu anamva tambala akulira. Amayi anali atamva kale kulira kwa injini kuchigwa, ndipo anali atandanda m'mbali mwa msewu ndi madengu awo. Anatsekula kabokosi. Mabotolo anali ozizira. Midzi isanu inapulumutsa nkhuku zake chaka chimenecho.

Tsono inu amene mwakhala pano, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi chinthu chimene chinatha. Kwa wina ndi ntchito, kwa wina ndi mphamvu za m'thupi, kwa wina ndi mnzake amene ankasenza naye katundu. Ndipo mwakhala pansi, mukudikira china chofanana nacho ndendende. Ndikuuzeni mosabisa, abale anga: mwina sichibwera. Pamene mukudikirapo, kuli anthu amene akuyang'ana kumsewu, akudikira inuyo.

Yang'anani bwino chimene mukuti chatha. Kawirikawiri chimatha ndi m'mphepete, pamene pankakhudzana ndi ntchito tsiku ndi tsiku. Pakati pamakhala padakali polimba, ndipo mpamene sipagulidwa. Chosowacho chili pafupi, mwa anthu wamba amene mumawadutsa osawapatsa moni. Kulumikizana nawo kudzafuna kudulidwa, kudzafuna moto, ndipo chipsera chidzaoneka. Lolani. Mwachedwa kale, inde, ndipo zina zatayika. Koma midzi yotsala ndi yambiri kuposa imene yapita. Nyamukani lero.