Dishi Imene Inafulatira Anduna

Panali munthu wina, mphunzitsi wa pa yunivesite, amene ntchito yake inali ya zakumwamba. Sindikunena kumwamba kwa abusa ayi, musayambe kufunafuna mabuku a nyimbo. Ndikunena kumwamba kumene kumayenda masetilaiti, makina aja amene anthu anaponya mumlengalenga kuti azijambula dziko. Munthuyu anaphunzira kuwerenga zithunzi zake. Akayang'ana chithunzi ankatha kunena kuti mtambo uwu walemera, ukakhuthula madzi ake pa mapiri akuti, ndipo madziwo atsikira mumtsinje wakuti.

Kwawo kunali kuchigwa, kumene mtsinje waukulu umayenda mwaulesi ngati sudziwa kupha. Makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Amene anamulera anali mlongo wake wamkulu, dzina lake Esinala. Mayiyu ankalima pa chilumba cha pakati pa mtsinje pamodzi ndi mabanja ena ambiri, chifukwa nthaka ya pamenepo sifuna feteleza. Koma mvula ikakula, anthu ankachoka pachilumbapo msanga poopa madzi, n'kusiya chimanga chisanakhwime. Chaka ndi chaka ankataya chakudya kuti asataye moyo.

Mphunzitsi uja anapempha boma kuti lithandize yunivesite ndi ndalama za kafukufuku. Anapempha zaka zambiri. Ankapita kulikulu n'kukhala pa benchi kunja kwa maofesi mpaka thalauza kuyera kumbuyo. Ena ankamuseka kuti dziko losowa mankhwala m'zipatala likufuna chiyani kumwamba. Iye ankayankha kuti njala ndi maliro ambiri a kuno zimayambira kumwamba komweko.

Potsiriza boma linamva. Linatulutsa gawo loyamba la ndalama, ndipo yunivesite inagula dishi. Musaganize za tidishi ta padenga toonera mpira iti. Iyi inali yaikulu kuposa chipinda tilimo chino, yokhazikidwa pa chipilala cha simenti. Kuitembenuza pankafunika kireni, chigalimoto chonyamulira zinthu zolemera, ndi amisiri ochokera mumzinda, ndipo kuilozetsa pa setilaiti yake pankatenga masiku. Ikaphonya pang'ono pokha, siinkalandira kanthu.

Dzinja loyamba dishi inagwira ntchito yake. Tsiku lina mphunzitsi anaona zimene anaona pa kompyuta, natenga foni.

"Achemwali, chokani pachilumba. Madzi afika mkuja."

Esinala anauza anzake, anzakewo anauza ena. Mabwato anaolotsa anthu, mbuzi ndi matumba a chimanga. Madzi anafikadi pa tsiku lake, napeza chilumba chili pululu. Palibe ngakhale nkhuku imene inapita ndi madzi.

Kuyambira pamenepo anthu anasiya kuthawa msanga. Ankati, "Tithawiranji? Achimwene a Esinala ali ndi diso kumwamba. Akaimba tichoka." Sindiwadzudzula anthu amenewo. Wakhungu ukamupatsa ndodo amasiya kupapasa njira ndi phazi.

Tsono gawo lachiwiri la ndalama linali lisanatuluke. Limeneli ndiye linali lolipira magetsi, kugula zida, ndi kusunga ophunzira amene ankachita kafukufuku pansi pa mphunzitsiyo. Kulikulu anati lidzatuluka anduna akadzatsegulira dishi ija. Inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Chinthu chingagwire ntchito chaka chathunthu, koma sichinabadwe mpaka wamkulu atadula riboni.

M'nyengo yotentha, mvula isanayambe, kunabwera bwana wina wokonza miyambo ya boma. Anayendera malo onse. Analamula kuti miyala ya m'mbali mwa msewu ipakidwe laimu, udzu usengedwe, tenti ikhomedwe pabwalo. Kenaka anaima pamalo pamene ankati amangepo nsanja, nakweza maso. Nkhope inasintha.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani?"

"Ndi dishi ija, bwana."

"Dishi ndaiona, sindine mwana. Ndikufunsa kuti bwanji yafulatira nsanja? Anduna adzakhale apa akuyang'ana msana wa chitsulo, nthambo ndi zisa za mavu? Kodi kwanu munaleredwa bwanji? Mwana amafulatira mkulu?"

Mphunzitsi anafotokoza mwaulemu kuti dishi imayang'ana kumene kuli setilaiti yake, ndipo anapempha kuti nsanjayo ndiyo isunthe, ipite kutsogolo kwa dishi. Koma kutsogoloko kunali chiphedi, galimoto sizikanafika, ndipo m'munsi mwake munali zimbudzi za ophunzira.

"Mukufuna anduna akalankhule ndi zimbudzi?" anatero bwana uja. "Itembenuzeni. Ndi masiku ochepa chabe, mwambo ukatha mudzaibweza. Apo ayi ndikanena kulikulu kuti simunakonzeke. Ofuna ndalama zimenezi alipo ambiri, aphunzitsi."

Mphunzitsi anaganiza za ophunzira ake, amene ena anali atayamba kale kugulitsa zovala zawo kuti adye. Anaganiza za benchi ija ya kulikulu. Anayang'ana kumwamba, kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Anati mumtima mwake, mvula idakali kutali.

"Chabwino, bwana."

Kireni inabwera. Dishi inatembenuzidwa, n'kuweramitsidwa mutu kuloza kunsanja ngati mkamwini pamaso pa apongozi. M'chipinda cha makompyuta zithunzi zonse zinati zii.

Musafulumire kulavula malovu. Ndikuona nkhope zanu, mukuti ife sitingachite zimenezo. Aa, inu! Ambiri a inu mukanathamanga kukaitana kireniyo bwana asanamalize kulankhula.

Tsiku la mwambo linafika, anduna sanabwere. Anati apita kumaliro a mnzawo, abwera sabata yamawa. Sabata yamawa anati apita kunja kwa dziko. Atabwerako anati kuli msonkhano wofunika. Tenti inayamba kusuluka ndi dzuwa. Mvula yoyamba inagwa n'kutsuka laimu pamiyala, anthu n'kupakanso. Kireni inali itabwerera kumzinda kalekale, ndipo dishi inali chiweramire, ikupereka ulemu kwa mipando yopanda anthu.

Mphunzitsi anaimbira bwana uja foni kupempha kuti aibweze, popeza dzinja linali litalowa.

"Mukaibweza lero, anduna n'kutulukira mawa, adzayankhe ndani? Dikirani pang'ono. Ndipo nkhani yoti dishi sikugwira ntchito isamveke panja. Anyuzipepala akaitola, boma lichita manyazi, ndipo inu mukudziwa chimene chimachitikira munthu wochititsa boma manyazi."

Mphunzitsi anadikira. Mawa, mawa, mawa. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma uyu ankazengereza ndi miyoyo ya anthu ena.

Masana ena foni yake inalira. Anali Esinala.

"Achimwene, muli bwanji kumeneko? Kodi kumwamba kukuti chiyani? Chimanga chatsala pang'ono kukhwima. Anthu akundifunsa kuti tichoke kapena tidikire."

Abale anga, apa ndiye pamene mtima wanga umawawa ndikamanena fanizo limeneli. Munthuyu anali ndi mawu ochepa oti anene: achemwali, dishi sikuona, chokani monga munkachokera kale. Basi. Mawu oti ngakhale mwana angathe kuwanena. Koma ankadziwa kuti chimene wauza Esinala wauza chigwa chonse, ndipo chimene chamva chigwa chifika kulikulu. Komanso manyazi anamugwira. Anganene bwanji kwa mayi amene anamulera kuti diso lija analitembenuza yekha kuti lisafulatire mipando?

"Ndikaona kanthu ndikuimbirani, achemwali."

"Zikomo achimwene. Foni ndimayenda nayo paliponse, ngakhale kumunda."

Sananame. Ndicho chimandikwiyitsa kwambiri. Akanaona kanthu akanaimbadi. Koma akanaona ndi chiyani?

Wailesi inkalengeza kuti kugwa mvula yambiri m'madera ena. Anthu pachilumba anati wailesi imatero chaka chilichonse, siinena mtsinje wake kapena tsiku lake. Achimwene a Esinala sanaimbe, ndiye kuti kuli bata. Anapitiriza kulinda chimanga chawo.

Mvula imene inawapha sinagwe pa iwo. Inagwa kutali, kumapiri a kutsidya kwa malire, kumene munthu wa kuchigwa sangaone ndi maso. Ndi mvula yeniyeni imene dishi ija inagulidwira. Kuchigwa kunkawala dzuwa, amayi ali m'minda, ana akusewera pamchenga. Chakudza sichiimba ng'oma. Dzuwa lili pamutu anthu anamva mkokomo, ndipo asanamvetse kuti n'chiyani madzi ofiira anali atazinga chilumba, atanyamula mitengo ndi ng'ombe zakufa. Mabwato anali ochepa. Ena anakwera m'mitengo n'kupulumuka. Ambiri sanapulumuke.

Amene anatsala amati Esinala anamuona komaliza ataima pachulu, madzi ali m'chiuno, dzanja limodzi atalikweza m'mwamba. M'dzanjamo munali foni. Ankaiteteza kuti isanyowe.

Mphunzitsi anapita kumudzi. Anayenda ndi anthu m'mbali mwa mtsinje, akufukula matope ndi kusuzumira m'mabango, koma thupi la mlongo wake silinapezeke. Pomaliza anachita monga timachitira mtembo ukasowa. Anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda. Tsiku limenelo manda a nthochi anali ambiri.

Mukuganiza kuti anthu anamutukwana? Ayi. Bwenzi zili bwino akanamutukwana. Ankabwera mmodzimmodzi, kugwada, kumugwira dzanja, n'kumati, "Pepani aphunzitsi. Ulendo uno madzi anathamanga kuposa makina anu. Inu munayesetsa." Iye ankangogwedeza mutu.

Atabwerera ku yunivesite anapeza anthu ali yakaliyakali, akupakanso laimu. Anduna anali atapita kukapepesa anthu ovutika ndi madzi kuchigwa, ndipo anati pobwerera adzera pomwepo kudzatsegulira dishi. Ulendo uno anabweradi. Anakhala pansanja, dishi ili chiweramire patsogolo pawo, yopukutidwa bwino, ikunyezimira. Kwaya inaimba. Riboni inadulidwa, anthu anaomba m'manja.

Kenaka anduna, amene anali atangoona manda aja ndi maso awo, anatembenukira kwa mphunzitsi. Anafunsa mosakalipa, ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Aphunzitsi, tandiuzani. Dishi yabwino chonchi, bwanji sinaone madzi aja?"

Mphunzitsi anaimirira. Mawu anatuluka okha.

"Olemekezeka, imayang'ana inu."

Anduna anayang'ana dishi, anayang'ana mphunzitsi, anayang'ana anthu amene anabwera nawo.

"Ine? Anaiuza ndani kuti iziyang'ana ine?"

Bwana wokonza miyambo uja ankayang'ana nsapato zake. Kalanga ine, anduna sankadziwa n'komwe! Sanapemphe ulemu umenewo. Mwina akanafika n'kupeza msana wa chitsulo sakanaona ngati pali vuto. Anthu onse aja anafera ulemu umene mwini wake sanaufune.

Ndalama zinatuluka. Kireni inabweranso, dishi inabwezedwa, ndipo zithunzi zinayambanso kufika pa makompyuta, zooneka bwino kwambiri. Dzinja lotsatira mphunzitsi anaona mtambo wolemera ukupita kumapiri aja. Dzanja lake linatenga foni lokha monga linazolowerera, kuti aimbire Esinala. Anaigwira nthawi yaitali, kenaka anaiika pansi.

Tsopano mverani, inu amene mukumaliza maphunziro. Ndamva anthu ena akuyamikira yankho lija, akuti mphunzitsi analimba mtima pamaso pa anduna. Ine sindiliyamikira. Kulimba mtima pamaliro n'kosavuta, akufa sadzuka nako. Kulimba mtima kunkafunika tsiku la kireni, ndipo pamene kunasowa tsiku limenelo, kunkafunika tsiku la foni.

Ena a inu mudzalandira ndalama za boma zochitira kafukufuku. Zilandireni ndi manja awiri, si zakuba, ndi misonkho ya anthu omwewo a kuchigwa. Wamkulu mupatseni ulemu wake: gwadani, ombani m'manja, mupatseni mpando wabwino. Msana ndi wanu, uweramitseni mmene mungafunire. Koma chida chimene anthu akudalira si chanu choti muperekere moni. Ndipo ngati tsiku lina mudzagonja, pakuti nanunso ndinu anthu, n'kulola kuti diso litsekedwe, musadzakhale chete. Kauzeni amene akudalira inu kuti lero sindikuona, dziyang'anireni nokha. Manyazi amenewo adzatha. Pali munthu kwinakwake amene akuyenda ndi foni kumunda chifukwa cha inu, ndipo mukapanda kuimba adzati kuli bata.