Denga Lotseka Makutu

Panali munthu wina amene ankalota malata. Ena amalota ng'ombe, ena galimoto, koma iyeyu chiyambire ubwana wake ankalota denga. Anakulira m'nyumba yodontha, momwe mvula ikayamba amayi ake ankandandalika mbale ndi miphika pansi, ana n'kumakoka mphasa uku ndi uku kufuna pouma. Tsono akatseka maso ankaona pakhomo pawo ponse pakung'anima ngati madzi a m'dambo, mvula ikuimba pamwamba pake koma osamukhudza.

Atakula anapita kutauni kukaphunzira ukalipentala. Patapita zaka anabwerera kumudzi atakhala pamwamba pa lole yodzaza malata, ana akuithamangira pambuyo.

Pakhomopo panali nyumba zosiyanasiyana. Panali yake ya njerwa zowotcha, kagolosale m'mbali mwa msewu, khitchini, ndipo chakumapeto, pafupi ndi mtengo wa mango, panali kanyumba ka zidina ka mkulu wake. Mkuluyo anali wakhungu chibadwire. Ankakhala pakhonde kuluka malichero, ndipo makutu ndiwo anali maso ake. Munthu ankamudziwa ndi mapazi. Mwana akamabwera ndi phala, ankamutchula dzina asanadutse n'komwe pa mango. Koma chimene ankachikonda koposa chinali mvula. Pa udzu mvula imagwa monong'ona. Ankaimva ikutsika m'phiri, ikuwoloka munda wa chimanga, nkhuku zikuthawira pansi pa nkhokwe, madontho akugwa m'mphepete mwa khonde. Mvula inkamuuza pamene pali mtengo, pamene pali njira, pamene pali nyumba ya mbale wake. Tsiku la mvula iye ankaona mudzi wonse.

Mng'onoyo ntchito ankaidziwa, tisamunamizire. Anaona kuti golosale ikufuna denga lotsetserekera kumbuyo kuti madzi asamagwere ogula. Khitchini anaisiyira mpata wotulukira utsi. Pa kanyumba ka zidina anakonza zoti khonde likhale lotambalala kuti mvula isanyambite khoma. Makoma onse anawafunsa, ndipo anamuyankha. Amene sanamufunse ndi munthu wogona m'katimo.

Mng'onoyo atakwera kukasasula udzu pa kanyumbako, mkuluyo anati, “Mphwanga, udzuwu ndi wa chaka chatha chomwechi. Sunayambe kudontha.”

“Udzu ndi wa mbewa, achimwene,” anayankha ali pamwamba. “Anthu asamati ine ndikugona m'malata, inu muudzu ngati nkhuku yofungatira.”

Mkuluyo anamva chimwemwe m'mawu a mng'ono wake, ndipo sanafune kuchithira madzi. Udzu uja mng'onoyo anakauponya m'khola kuti ng'ombe ziupondeponde.

Madenga onse anatha. Odutsa mumsewu ankaima n'kumaloza. Loto lija linali litatsika kumwamba n'kukhala pansi, ndipo mwini wake ankatuluka masana dzuwa lili paliwombo kukangoliyang'ana.

Kenaka mvula inafika. Tsiku lina masana inagwa yamphamvu, ndipo mng'onoyo anathamangira kwa mkulu wake kuti akamvere limodzi nyimbo ya malata. Anawapeza atakhala pakati pa nyumba, lichero losamaliza lili pansi, manja atagwira mawondo. Anaodira, koma sanayankhe. Analowa, nsapato zikulira ndi matope, n'kuitana, “Achimwene!” Sanatembenuke. Anawayandikira n'kuwagwira paphewa. Mkuluyo anadzidzimuka thupi lonse, anatchinga nkhope ndi mkono n'kukuwa, “Ndani? Ndani ameneyo?”

Munthu amene ankamuzindikira akadali kumsewu, lero sanamudziwe ali naye m'nyumba imodzi. Mtima wa mng'onoyo unasweka. Anakhala pansi pambali pawo, ndipo anadikira mpaka mvula itakata, poti mawu sakanamveka.

“Ndiwe kodi, mphwanga?” anatero mkuluyo. “Usakhumudwe. Dengali ndi labwino, silidontha. Kungoti mvula ikagwa, mudzi wonse umachoka, ine n'kutsala ndekha m'kati mwa ng'oma. Ndimachita khungu kawiri.”

Nyengo imeneyo udzu wofolerera sunkapezeka. Tchire linali litapsa kalekale, ndipo wophuka unali usanafike m'mawondo. Koma kutsidya kwa mtsinje kunali mayi wina amene anasunga mitolo ya udzu, poti anasowa womufolerera. M'mawa mwake mng'onoyo anakwera padenga la mkulu wake ndi hamala, anazula misomali imene anaikhoma yekha, n'kutsitsa malata onse. Anawasenza kukawoloka nawo mtsinje, anakafolera nyumba ya mayi uja, n'kubwerako ndi udzu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ankati tauni yamuzunguza mutu, munthu wosinthanitsa malata ndi udzu sanamuonepo. Iye anafolera kanyumba ka mkulu wake mtolo ndi mtolo, akumanga ndi luzi monga ankachitira bambo awo. Potsika anaponda msomali umodzi mwa imene anazula ija.

Mvula yotsatira inabwera pang'onopang'ono, yowaza. Mng'onoyo ananyamuka kupita ku kanyumba kaja mwakachetechete, osaodira. Asanafike pa mango anamva mawu kuchokera m'kati.

“Mphwanga, ukutsimphiniranji? Lowa msanga, yamphamvu yafika kale m'munda mwa chimanga.”

Anaima pamvulapo n'kulira, ndipo misozi yake sinaoneke.

Inu amene mukundimvera, akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ife timayesa kuti ankanena za kulemera kwake kokha. Ankanenanso za maganizo. Denga limene munalilota muli ana ndi lanu, foleranitu nyumba yanu, palibe angakuletseni. Koma mukafika pa nyumba ya mnzanu, ya mayi anu, ya mwana wanu, musathere pa kuyeza khoma. Tsikani pamakwerero, mukhale pansi, mumufunse mwini wake kuti mvula ikagwa amamva chiyani. Ndipo mukapeza kuti mphatso yanu yamutseka makutu, musachite manyazi ndi oseka a mumsewu. Iwo sagonamo. Tengani hamala mukazule.