Njira ya Duloni ndi Mkuyu wa Akakowa

Tsiku lina, titatha kupemphera swala ya masana, kwa Shehe Bwanali kunafika mnyamata wina dzina lake Twaha. Ameneyu ndiye ankayendetsa duloni, kandege kopanda munthu mkati kamene kankanyamula mankhwala ndi magazi kupita kuchipatala cha kutsidya kwa mtsinje, kumene galimoto sizifika nthawi ya dzinja. Tonse tinkamudziwa ndi matama ake oti kandegeko sikatulutsa utsi ndipo sikaononga chilichonse. Koma tsikuli anakhala kumphepete kwa mkeka atazyolika, mpaka ine ndinamumvera chisoni.

"Shehe, ndabwera kudzakutsanzikani. Ntchito ija ndikuisiya," anatero Twaha. "Dzulo ndinatumiza magazi kwa mayi wina amene anangochira kumene. Kandege kanadutsa pamwamba pa mkuyu umene akakowa amangapo zisa. Mbalame zinabalalika ndi mantha, ndipo imodzi inadulidwa ndi mapiko a kandegeko n'kugwa. Tiana take tikulirabe mpaka pano. Kodi Allah adzandikhululukira?"

Shehe anafunsa, "Nanga mayi uja ali bwanji?"

"Ali bwino, Shehe, akuyamwitsa."

"Alhamdulillah. Tsono njira imene kandege kamadutsa anailemba ndani?"

"Ndine, pa kompyuta. Ndinangoongola mzere kuti kazifika msanga."

"Musanalembe, munapitako kukaona amene amakhala m'njiramo?"

"Ayi, Shehe. Ndinkayesa kuti m'mwamba mulibe eni ake."

Shehe anamugwira paphewa ngati mwana wawo. "Ine za makina sindidziwa, bambo, inu ndinu mphunzitsi wanga pamenepo. Koma ndikudziwa kuti mukasiya, mayi wina adzadikira magazi osabwera. Kapena adzalembedwa ntchito munthu wina amene mtima wake sumva kulira kwa mbalame, ndipo adzadutsa pomwepo."

"Ndiye nditani?" anafunsa Twaha, misozi ili m'maso.

"Mukamuponda mnzanu phazi, sakupemphani kuti mudule mwendo wanu. Amangofuna kuti muusunthe. Pemphani chikhululuko, kenaka mupite mukakhale pansi pa mkuyuwo, muone kumene akakowa amatulukira ndi kumene amabwerera, ndipo mukakhotetse mzere wanuwo. Mlengalenga mwa Allah ndi motakasuka, mwanangu. Magazi a mayi ndi chisa cha mbalame zikwanamo zonse."