Chigayo cha NaKwenda Sichigawika Patatu

Kalekale, magetsi asanafike kumidzi ya kuseri kwa phiri la Dedza, pamsika wina wa kumeneko panali chigayo chimodzi chokha, cha injini ya dizilo. Mwini wake anali mayi wamasiye dzina lake NaKwenda. Mwamuna wake atamwalira, anthu anayamba kunong'ona kuti chigayo si ntchito ya munthu wamkazi. NaKwenda anamanga chitenje m'chiuno, napukusa injiniyo ndi manja ake, nauza anthuwo kuti wofuna ufa abwere ndi chimanga, wofuna nkhani apite kubwalo.

Anali munthu wopatsa mosayang'ana m'mbuyo. Ndalama ikalowa m'mawa, pofika masana inali itagula kale nsalu ya maliro kapena mchere wa nkhalamba ya kutsidya. Amasiye ankagayitsa ulere. Wina akamuchenjeza, ankangoti, "Kupatsa n'kuika. Ine nkhokwe yanga ndi anthu."

Anali ndi ana aakazi atatu: Mwatitha, Ziyenda ndi Tsalani. Chaka china mvula inagwa bwino, chigayo chinalira osapuma kuyambira pa masika mpaka mvula ina. NaKwenda anaitana ana akewo nawagawira phindu la chakacho mofanana.

"Aliyense agule malata," anatero. "Ndatopa kuona ana a mwini chigayo akumweta udzu."

Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagula lata. Liuma la mayi wawo analiyamwira kubere.

Mwatitha, wamkulu, anapeza zitini zitatu. Choyamba anati ndi cha lero, chachiwiri cha tsiku loipa, chachitatu cha ukalamba. Chilichonse cholowa m'manja mwake ankachigawa momwemo. Chaka chotsatira mkazi wa a Mkwapatira anamwalira. A Mkwapatira anali mlongo wa NaKwenda, mwinimbumba wa banjalo, ndipo ankafuna bokosi lonyezimira la mutauni. Mwatitha anapereka za m'chitini cha lero ndi dengu la ufa. NaKwenda anamukokera kuseri kwa siwa.

"Tsegula chachiwiricho. Tsiku loipa silimeneli?"

"Ayi, amayi. Omwalirawa agona ngakhale m'bokosi la matabwa wamba. Chitini chimenecho chikudikira munthu wamoyo."

NaKwenda anatha miyezi iwiri osamuyankhula, ndipo mudzi unamutcha Mwatitha wouma manja.

Ziyenda sanagule chinthu chachikulu choti munthu n'kuloza. Anagula mbuzi zochepa n'kuzisungitsa m'midzi itatu yotalikirana. Anapempha kadimba kudambo, nabzala chinangwa kumtunda, nkhuku nazo zili pabwalo. A Mkwapatira ankamuseka pagulu: "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada!" Iye ankayankha ali pa ntchito yake, osadzutsa mutu: "Tsoka likafuna kundipeza, amalume, liyende mitunda."

Koma amene anamupweteka mtima kwambiri NaKwenda anali Tsalani, chitsirizira. Iyeyu anakwera basi ndi gawo lake lonse, nakalipira kwa makaniko wina ku Lilongwe kuti amuphunzitse za mainjini. Ndalama zinathera pa maphunziro, lendi ndi chakudya. Mwamuna amene anamufunsira anadikira chaka, kenako anakwatira wina. Tsalani atabwera kudzacheza anali ndi kathumba ka masipanala ndi zikhadabo zakuda bii.

"Anzako ali ndi zitini ndi mbuzi," anatero NaKwenda. "Zako zili kuti?"

Tsalani anatambasula manja ake. "Nazi, amayi. Izi mbala siiba."

"Choka apa! Wadya chuma changa iwe."

Panapita zaka zisanu. Chaka chachisanu ndi chimodzi mvula inadula chimanga chili m'mawondo, dzuwa n'kuwotcha minda yonse. Tsiku lina m'mawa, NaKwenda akugaya kachimanga kotsala ka chaka chatha, injini inatentha, inakhosomola, n'kuima mwadzidzidzi. Lamba anaduka n'kumukwapula, namukokera mkono wamanja m'chitsulo. Magazi anasakanikirana ndi ufa.

Amayi amene anali pamzere anakuwa. Anthu anathamangira komweko, ambiri mwa iwo omwe aja ogayitsa ulere, namunyamula pamachira mosinthana mpaka kumsewu waukulu. Galimoto ya matola inaima, koma dalaivala ataona magaziwo anati kuchipatala cha mishoni n'kutali, sangasiye njira yake popanda ndalama m'manja. Anthu anapapasa m'matumba. Chaka cha chilala m'thumba mumakhala chiyani? Pamenepo Mwatitha anatulukira ali wefuwefu, chitini chachiwiri chili kukhwapa. Anachiphwanya ndi mwala pamsewu pomwepo. Chinalipira galimoto, chinalipira chipatala, chinagula mankhwala. Mkonowo anaudula pachigongono, ndipo dokotala anati akanachedwa ola limodzi, bwenzi akunyamula mtembo.

NaKwenda anabwerera kumudzi n'kupeza chigayo chili zii, njala italowa m'nyumba iliyonse. Anthu amene anamunyamula aja ankabwera kudzamuzonda chimanjamanja, maso ali m'kati, iwonso opanda chodya. Ziyenda naye tsoka linamupeza ndithu: chitopa chinasesa nkhuku zonse, ndipo mbuzi za m'mudzi umodzi zinabedwa. Koma dimba la kudambo linali lobiriwira, chinangwa chinali m'nthaka, mbuzi za m'midzi iwiri ija zinali zitaswana. Miyezi isanu yathunthu iye ndiye anadyetsa mayi wake, ana a Mwatitha, ndi a Mkwapatira omwe, amene ankadya chinangwacho atayang'ana kumbali.

M'kati mwa miyezi imeneyo a Mkwapatira anabwera ndi mkulu wina wamalonda wa kuboma. Anamupeza NaKwenda atakhala pathumba m'chigayomo.

"Mlongo," anatero, "amakaniko awiri aiona injiniyi, onse akuti yafa. Inu mkono mulibe. Bwanawa atenga chitsulochi ndi malo omwe, akupatsani kangachepe kogulira chimanga. Ine monga mwinimbumba ndavomera kale."

"Mwavomera chiyani, achimwene? Munagula ndinu?"

"Musachite makani pamaso pa alendo."

NaKwenda anaimirira, namasula nsalu imene anakulunga pachigongono, naonetsa wamalondayo chipsera chili chofiira.

"Chigayo ichi ine ndachilipira mkono. Inu bwana mwabwera ndi chiyani choposa pamenepa? Ngati mulibe, khomo ndi limene munalowera lija."

Wamalondayo anavala chipewa chake n'kumapita.

Tsalani, atamva za malondawo, anasiya ntchito imene anali atapeza ku Lilongwe n'kubwera ndi kathumba kake. Anamasula injini yonse n'kuyala zitsulo pamphasa. Amuna ankaima pakhomo kudikira kuti aseke. Anapeza chimene chinapsa m'kati, natchula zitsulo zofunika kugula. Ziyenda anagulitsa mbuzi zinayi n'kumupatsa ndalamazo. Masiku asanu ndi anayi Tsalani anali chogona pansi pa injiniyo, kumanga, kumasula, kumanganso. Tsiku lakhumi anapukusa, injini inatsokomola kawiri, utsi wakuda unatuluka, kenako inalira mpaka agalu a kutsidya anauwa. NaKwenda, amene sanalire pamene ankamudula mkono, anatembenukira kukhoma.

Chaka chotsatira anthu anakolola, mzere unabwerera pachigayo. NaKwenda sakanathanso kupukusa injini kapena kukweza thumba, choncho anauza ana ake kuti ayendetse chigayocho onse atatu. Mwezi sunathe. Mwatitha ankafuna kuti pa ndalama za tsiku lililonse gawo lina lizitsekeredwa, lisakhudzidwe zivute zitani. Ziyenda ankati chigayo chokha n'chimene chinatsala pang'ono kuwapha, ndiye phindu ligule ngolo ndi ng'ombe kuti pakhomo pakhale miyendo ingapo. Tsalani ankati injini idye kaye, mafuta abwino ndi zitsulo zosinthira, kenako aphunzitse munthu wachiwiri ntchitoyi. Pa za amasiye ogayitsa ulere ndiye mawu anakwera mpaka msika wonse unamva. Kawiri konse chigayo chinagona osatsegula, amayi n'kubwerera ndi chimanga chawo pamutu.

NaKwenda anatenga kiyi, naitana ana ake atatuwo m'chigayomo m'mawa, anthu ali pamzere panja. A Mkwapatira anabwera osaitanidwa.

"Mwaona?" anatero. "Akazi atatu, mitu itatu. Perekani kiyiyo kwa mwana wanga wamwamuna, nkhani ithe."

"Mwana wanu anali kuti ine ndikukha magazi? Khalani pansi, achimwene, kapena tulukani." Kenako anayang'ana ana ake. "Chigayo si mbuzi yoti mupha n'kugawana miyendo. Chikhala ndi mwini mmodzi, ndipo ameneyo ndiye adzandisunga ine mpaka kundiika. Ukalamba wanga ndikuupereka limodzi ndi kiyiyu. Aliyense anene."

Mwatitha anayamba. "Amayi, munandisala miyezi iwiri chifukwa cha chitini, ndipo sindipepesa. Ndikanakumverani tsiku la maliro lija, bwenzi bokosi lachiwiri lili lanu. Chinangwa cha Ziyenda akanadya ndani? Injini ya Tsalani akanaimvera ndani? Munthu ayambe wakhala moyo. Chigayo chikakhala changa, tsiku loipa silidzakupezani chimanjamanja."

Ziyenda anaseka pang'ono. "Achemwali, chitini chanu chinagwira ntchito tsiku limodzi n'kutha psiti. Njala inakhala miyezi isanu. Amayi mukanawachotsa m'manja mwa dokotala n'kudzawaika m'manda ndi njala. Chachitatu chija munachitsegula? Ayi, chilipobe, ana anu akudya zanga. Ndipo zitsulo za injini anagula ndi mbuzi zanga. Ine ndinaluza nkhuku, ndinaluza mbuzi, koma sindinagwe, chifukwa sindiimira mwendo umodzi."

"Chachitatucho ndi cha ukalamba," anayankha Mwatitha. "Ndikanachitsegula, amayi mukanadzawasunga ndi chiyani mawa?"

Tsalani sanaimirire n'komwe. Anali akupukuta sipanala. "Chimene mukulimbiranachi n'chiyani? Pamene ndinkafika ine, chinali chitsulo chakufa chimene amalume ankagulitsa pa mtengo wa chimanga. Chitini chimatha, mbuzi zimabedwa. Zanga zili m'manja muno: zinagwira ntchito dzulo, zigwiranso mawa, ndipo sizinachepe. Mupatseni wina kiyiyo ngati mufuna, amayi. Koma injini ikadzaimanso, mudzatuma mthenga kwa yani? Ine ndinasiya ntchito mutauni, ndinaluza banja, munanditcha wakudya chuma. Sindinapepese nthawi imeneyo, sindipepesa lero."

NaKwenda anawayang'ana mmodzimmodzi. Onse atatu anamukanira pamaso, onse atatu anamupulumutsa, ndipo panalibe amene ankaoneka kuti agonja. Anadziwa kuti akampatsa Mwatitha, sadzagona ndi njala, koma khomo lake lidzachepa alendo. Akampatsa Ziyenda, pakhomo padzachuluka zinthu, koma chigayo chidzangokhala chimodzi mwa zambiri, ndipo tsiku lina akhoza kuchigulitsa osagwetsa msozi. Akampatsa Tsalani, injini sidzafa, koma mwanayo sadziwa kusunga tambala, ndipo manja nawo amadwala, NaKwenda mwiniyo ndiye mboni.

Panja mayi wina anagogoda chitseko. "Kodi lero tigayitsa kapena tizipita?"

"Mugayitsa!" anakuwa NaKwenda. "Dzuwa lisanafike pamutu, chigayochi chikhala ndi mwini wake."

Anatulutsa kiyi ndi dzanja lake lotsalalo, nalitambasula.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, dzanjalo lili m'malere. Inu amene mwakhala mukumvetsera, musandiuze kuti agawane, pakuti anayesa ndipo zinakanika. Musandiuzenso kuti onse anachita bwino, pakuti zimenezo NaKwenda akuzidziwa kale. Kiyi ndi mmodzi, ndipo ukalamba wa mayiyo ukupita naye limodzi. Kodi agwere m'manja mwa yani: Mwatitha amene anasungira tsiku loipa, Ziyenda amene anamwaza chuma chake kuti chisafere pamodzi, kapena Tsalani amene anachisandutsa luso la m'manja mwake?