Chithunzi Chopanda Nyumba

M'sitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza pa Neno boma munali shelefu imodzi yosakhalapo katundu wa bwana. Pamenepo Kingsley, wogulitsa m'sitolomo, ankagonekapo kamera yake ataikulunga m'chitenje kuopa fumbi lofiira la mumsewu. Sinali kamera yamasewera. Inali yakuda, yolemera ngati njerwa, yosintha malenzi, ndipo ukadina inkalira kuti khatya, kulira komwe foni singakuthe. Anaigula ku Blantyre kwa munthu amene anali atatopa nayo, atadzimana zaka ziwiri. Sankajambulira malonda. Ankajambula zomwe mtima wakonda: amayi osenza mbatatesi, nkhungu ikutsetsereka m'mapiri, anyamata a njinga zamoto akuwodzera pamthunzi.

Chimene ankanyadira koposa chinali kalenzi kakang'ono kamene kankatola nkhope ya munthu n'kuiwalitsa, zonse zakumbuyo n'kusungunuka ngati utsi. Anthu akaona ankati, "Koma ndiye ngati za m'magazini." Kingsley ankangomwetulira, mapewa ali m'mwamba.

Nkhope imene kalenziko kankaidziwa bwino inali ya Stelia, mtsikana wa ku Ligowe. Awiriwa anali atamvana kale. Chotsala chinali chakuti bambo ake a mtsikanayo, a Ezekiele, amuone Kingsley kuti ndi munthu woti ankhoswe ake angayaliridwe mphasa.

Mwayi unabwera wokha. A Ezekiele anali atangomaliza nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, imene anaimanga kwa zaka khumi ndi chimodzi kuchokera m'munda wa manachesi. Ankafuna chithunzi choti atumize kwa mkulu wawo wa ku Bulawayo, amene anachoka kalekale akunena kuti ku Ligowe munthu sangaphulepo kanthu.

"Bambo akuti ubwere Loweruka ndi chimakina chakocho," anatero Stelia. "Koma ukafika uyambe wamva kaye mmene akufunira, eti?"

"Iwo amadziwa manachesi, ine ndimadziwa kamera. Aliyense pake," anayankha Kingsley.

Loweruka anafika dzuwa lili paliwombo. A Ezekiele anali m'jekete la kutchalitchi, akazi awo a Enelesi m'chitenje chatsopano, Stelia m'diresi lachikasu. Mkuluyo anayamba kuloza kumunsi kwa bwalo. "Ine ndimaganiza kuti mukanaima cha uko..."

"Musavutike bambo, ingoimani pomwepo."

Anaika diso pakamera, ndipo m'kagalasimo anaona Stelia akulimbana ndi kumwetulira. Dziko lonse linathera pomwepo. Anatsekula lenzi mpaka kumapeto monga mwa chizolowezi chake, nadina. Sanawaonetse n'komwe pakamerapo. Ankafuna akadzidzimuke nacho chithunzicho chili papepala. Anapita nacho mpaka ku Zalewa, nakachitsukitsa chachikulu, nachiika m'felemu.

Lamlungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, anachipereka ndi manja awiri. A Ezekiele anavala magalasi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nachipendeketsa, nachitalikitsa.

"Anthu ndawaona. Mwana wangayu watuluka bwino, ngakhale nsidze zikuwerengeka. Nanga nyumba ili kuti?"

"Ndi iyo kumbuyoko, bambo. Ndi kajambulidwe kake, kuti nkhope zizi..."

"Chiutsi ichi? Achimwene akachiona adzati ndaima kutsogolo kwa uvuni ukufuka."

A Enelesi anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Zaka zonse zija, mwana wa eni wazifufuta ndi chala chimodzi."

A Ezekiele sanaseke. Anamubwezera felemuyo modekha. "Nkhope yanga achimwene amaidziwa. Tinatuluka m'mimba imodzi."

Pomuperekeza, Stelia anayenda naye mpaka pamsewu. Kenaka anati, "Andifunsa kuti munthu wosaona nyumba angasunge bwanji banja."

"Ndiye iwe wati chiyani?"

"Ndati maso uli nawo, koma makutu unawasiya kusitolo."

Masiku atatu kamera inagona m'chitenje osakhudzidwa. Kingsley ankayeza feteleza akudzilankhulira yekha kuti anthu akumudzi luso salidziwa. Koma akayang'ana chithunzicho, chimene anachibisa kuseri kwa matumba, mtima unkamutsutsa. Chinali chokongola ndithu, kungoti chinali chake iyeyo, osati cha a Ezekiele.

Tsiku lachinayi anapempha kuweruka msanga, nakwera njinga yamoto. Kamera anaisiya m'chikwama, osaikoleka pachifuwa. Anawapeza a Ezekiele akusadzira mitengo, ndipo anakhala pansi, chipewa m'manja.

"Bambo, ndinathamanga. Mundiuze chimene achimwene anu ayenera kuona."

Mkuluyo anamuyang'ana kaye, kenaka anatsamiritsa chikwanje pamtengo. "Tiyeni."

Anatsika naye kumunsi kwa bwalo mpaka pachulu china. "Kwerani apa. Mukuona chiyani?"

Kingsley anakwera, nayang'ana. Kuchokera pamenepo nyumba yonse inkaoneka, malata ake onse, khonde ndi mazenera. Kumbuyo kwake mizere ya manachesi inkakwera phiri. Chakumanzere kunali kanyumba kaudzu kopendekeka, kamene tsopano kanali khitchini.

"M'kanyumba ako ndi mmene achimwene anandisiya," anatero a Ezekiele. "Kaoneke. Mitengo ioneke, poti ndiyo yamanga. Ndipo masana ayi, malata amathobwa m'maso. Mubwere dzuwa likangosuzumira paphiri ilo. Limayamba kugunda khoma, njerwa n'kufiira ngati zangotuluka pamoto."

Apo Kingsley anazindikira kuti mkuluyu, amene sanagwirepo kamera chibadwire, anali atachijambula kale chithunzichi m'mutu mwake, njerwa yoyamba isanaumbidwe n'komwe.

M'mawa mwake mame anamupeza ali pachulu. Anachotsa kalenzi kake kokondedwa, naikapo ina yotenga malo aakulu, nachepetsa kabowo kolowera kuwala kuti zapafupi ndi zakutali zonse zioneke bwino. Anadikira, iye amene kudikira sankakudziwa. Dzuwa litagunda khoma, banja linaima pakhonde, kamera n'kulira kamodzi kokha.

Ulendo uno anatsika n'kukawaonetsa pomwepo. A Ezekiele anayendetsa chala padenga, natsikira pamitengo, nakaima pakanyumba kaudzu. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi.

"Amayi, bwerani mudzaone kwanu," anatero.

Chithunzicho chinapita ku Bulawayo pafoni ya Stelia tsiku lomwelo. Dzuwa lisanapendeke, foni inalira, ndipo abale awiriwo analankhulana mpaka batire kutha. Atamaliza, a Ezekiele anatembenukira kwa Kingsley, amene anali akukulunga kamera yake.

"Mwati amalume anu amakhala ku Nsambe? Muwauze kuti Loweruka ine ndi alamu anga timapezeka pakhomo."

Kingsley anatsika phiri la ku Ligowe wapansi, poti njinga ikanamufikitsa msanga chimwemwe chisanamukwane. Lero pa boma amati palibe wojambula womuposa, koma sakweza kamera asanamve mwini nkhani. Akuluakulu sananame: kufunsa ndiko kudziwa njira.