Galimoto ya Waya M'mbereko

Kalekale, ine ndisanayambe kuiwala mayina a anthu, kunali bambo wina dzina lake Chimwaza. Anali ndi ngolo imodzi, ng'ombe ziwiri ndi pakamwa posatopa. Analinso ndi ana amapasa, Gwaza wamwamuna ndi Mwandida wamkazi, ndi kamwana kena kongosiya kumene kuyamwa.

Chimwaza anagulira Gwaza galimoto ya waya. Kwa Mwandida anapereka chitsononkho ndi kansalu, ati azibereka. Galimoto yogula, chitsononkho chotola kudzala.

Koma ana ndi ana. Akafika kuseri kwa nkhokwe ankasinthana. Bambo anawapeza, anakalipa, anabweza. Mawa lake anasinthananso. Anawapeza, anakalipa, anabweza. Ati mwamuna wobereka chitsononkho adzamera mabere, ati mkazi wogwira waya adzakalambira pakhomo pa amake.

Ndiye anawo anachenjera. Mwandida ankayenda ndi mbereko kumbuyo, koma m'katimo muli galimoto. Gwaza chitsononkho chake m'malaya. Chimwaza ankangoona nsalu, n'kumakadzitama pa bawo kuti ana ake ndi olongosoka. Munthu wamkulu ndithu, maso awiri, koma osasuzumira.

Tsiku lina mkazi wake anapita kumaliro kutali. Masana kamwana kaja kanatentha thupi, kanalira mpaka mawu kusasa. Chipatala kutali. Chimwaza anachita mantha, mantha enieni. Anakweza ana onse m'ngolo, anakwapula ng'ombe.

Pakati pa dambo msomali wogwira tayala unathyoka. Tayala uko, ngolo pendeke.

Tsono Chimwaza kukonza sankadziwa. Ngolo ikawonongeka ankaitana anthu, iye n'kumawalangiza manja ali m'thumba. Anati bola abereke kamwanako ayende wapansi. Anamanga, mfundo inamasuka. Anamanganso, kamwana katsala pang'ono kugwera m'matope.

Ng'ombe imodzi inatembenukira inzake. "Mwamuna timamumva pa bawo uja ndi ameneyu?"

Mwandida anayandikira tayala lija. Anamasula mbereko, galimoto ija pansi. Anaiphwasula, anapota waya wake katatu. Anauza bambo ake kuti anyamule ngolo, iwo ananyamula, pakamwa pali yasa. Iye anabwezera tayala, analowetsa waya pabowo la msomali, anapinda uku ndi uku.

Gwaza anatola nsalu ija, anawerama. Kamwana pamsana, mfundo pachifuwa, n'kuyamba kukagwedeza monga ankachitira ndi chitsononkho chake. Kanatonthola.

Anafika kuchipatala dzuwa likadalipo. Kamwana kanalandira mankhwala, thupi linazizira.

Pobwerera, Chimwaza anali chete, chinthu chimene ng'ombe zinali zisanachionepo. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Gwaza, mfundo ija umamanga bwanji?"

Mwana anaphunzitsa bambo ake. Chimwaza analowa m'mudzi wapansi atabereka, ngolo akuyendetsa Mwandida. Ndipo pamene ankadutsa pa bawo penipeni, kamwana kaja kanamukodzera msana wonse, mpaka m'nsapato.

Anzake anaseka mpaka kugubuduza bawo. Wina anamufunsa ngati mabere ayamba kumera.

Chimwaza anadzigwira pachifuwa, anasisita bwinobwino. "Sanamere. Koma mwana wanga ali moyo."

Ndiye iwe ukusekawe, nawenso uli ndi ana. Usamagawe zoseweretsa ngati ukugawa zimbudzi, ichi cha amuna, ichi cha akazi. Tsiku lina udzasuzumire m'mbereko uone chimene mwana wako wanyamula, chifukwa tayala likaguluka silifunsa kuti wagwira waya ndani.

Nthano yanga yathera pomwepo, pamsana ponyowa pa Chimwaza.